Imfa yochokera pansi pa madzi: nkhondo imene idafika mpaka ku gombe la Mozambique

M'mawa wa pa 22 Sepitembala 1914, sitima zitatu zikuluzikulu zankhondo za dziko la Britain zinkalondera pa nyanja ya North Sea, kufupi ndi gombe la Netherlands. Mayina ake adali Aboukir, Hogue ndi Cressy. Namondwe adali atangoleka, ndipo sitimazo zinkayenda pang'onopang'ono popanda choopa. Nthawi itangopitirira 6 koloko, Aboukir idaphulika cham'mbali n'kuyamba kupendekeka. Kaputeni wake adaganiza kuti yagunda bomba lotcheredwa m'madzi, choncho adaitana zinzakezo kuti zidzavuule anthu. Hogue itayandikira n'kuima, nayonso idaphulika. Cressy idali pakati potsitsa maboti pamene tsoka lomweli lidaigwera. Pasanathe maola awiri, sitima zonse zitatu zidali pansi pa nyanja, ndipo amalinyero oposa 1,450 adafa.

Kamene kadachita zonsezi kadali kasitima kamodzi ka Ajeremani koyenda pansi pa madzi, U-9, koyendera parafini. M'katimo mudali amuna osakwana 30 motsogozedwa ndi Otto Weddigen.

Patangotsala mwezi umodzi kuti izi zichitike, pa nyanja ya Malawi padali patachitika nkhondo ya mtundu wakale. Cha pakati pa Ogasiti 1914, kaputeni Edmund Rhoades adatenga sitima ya Gwendolen n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene idali pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhafen, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Kaputeni wa Ajeremani, yemwe adali bwenzi la Rhoades, sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Adapalasa bwato kudzafunsa chimene chalakwika, ndipo adagwidwa ukaidi. Mzinga wa Gwendolen ulipobe ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pankhondo ya mtundu umenewo mdani ankaoneka nkhope, ankadziwika dzina, ndipo ankatha kupatsidwa mpata wogonja. U-9 idabweretsa nkhondo ina, ya mdani amene umamudziwa utalasidwa kale. Ndipo ngakhale idayamba ndi kumiza sitima zankhondo, amene idawadya kwambiri pa zaka 30 zotsatira adali anthu wamba: amalinyero onyamula tirigu ndi mafuta, amayi ndi ana, akaidi, anamwino, komanso asilikali a kuno ku Africa.

Moyo wa m'chitsulo

Sitima ya pansi pa madzi imamira ndi kuyandama pogwiritsa ntchito matanki amene ali m'mbali mwake. Akatsegula kuti madzi alowe, imalemera n'kumira. Akapopera mpweya wamphamvu kuti madziwo atuluke, imapepuka n'kukwera. Sitima za nthawi ya nkhondo ziwirizi zinkakhala nthawi yambiri pamwamba, zikuyendera injini za dizilo. Zikamira, injini zija ankazizimitsa chifukwa zimafuna mpweya, ndipo sitima inkayendera mabatire. Mtundu umene Ajeremani adaupanga wochuluka pa nkhondo yachiwiri, wotchedwa Type VII, unkathamanga makilomita pafupifupi 33 pa ola pamwamba, koma pansi pa madzi sunkapitirira 14, ndipo ukathamanga choncho mabatire ankatha msanga.

Kasakidwe kake kadali ngati ka ng'ona imene imadikira pa dooko, thupi lonse lili m'madzi, maso okha ali kunja. Kaputeni ankakweza chitsulo chokhala ndi magalasi oonera, n'kuyeza liwiro la sitima ya adani ndi kumene ikulowera, kenako n'kulamula kuti atulutse torpedo, bomba lalitali lokhala ndi injini yakeyake limene limadziyendera lokha pansi pa madzi. Likalasa kunsi kwa mzere wa madzi, ngakhale sitima yaikulu sichedwa kumira.

M'kati mwake mudali mothinana zedi. Amuna pafupifupi 50 ankakhala milungu yambiri osasamba, osameta, osaona dzuwa mokwanira. Mabedi ankasinthana: wina akadzuka kupita pa ntchito, mnzake ankagona pomwepo. Mwa zimbudzi ziwiri, chimodzi nthawi zambiri ankasungiramo chakudya poyamba ulendo. Buledi ankachita nkhungu, ndipo chilichonse chinkanunkha dizilo ndi thukuta. Adani akawatulukira, ankazimitsa makina, kukhala chete mu mdima, akumvetsera mabomba akutsika pamwamba pawo.

Kulasa pamimba

Britain ndi chilumba, ndipo chakudya chake chambiri chinkabwera ndi sitima. Germany nayo inkadalira katundu wa kunja. Nkhondo itayamba, sitima za Britain zidatseka njira zonse za pamadzi zopita ku Germany, ndipo anthu kumeneko adayamba kugona ndi njala. Ajeremani, poona kuti sangalimbane ndi sitima za Angerezi poyera, adaganiza zobwezera njala ndi njala pogwiritsa ntchito ma U-boat, dzina limene sitima zawo za pansi pa madzi zidatchuka nalo.

Padali lamulo lakale la nkhondo ya pamadzi lonena kuti sitima ya malonda uyenera kuiimitsa kaye, kuona zikalata zake, n'kupereka mpata woti anthu atsikire m'maboti usanaimize. U-boat sikadatha kutsata lamuloli popanda kudziika pa ngozi, chifukwa ikatulukira pamwamba, chipolopolo chimodzi cha mzinga chinkakwana kuiboola. Angerezi nawo adayamba kuika mizinga m'sitima zamalonda, ina yobisika dala kuti akole nayo ma U-boat. Choncho mu Febuluwale 1915, Germany idalengeza kuti madzi onse ozungulira Britain ndi malo a nkhondo.

Pa 7 Meyi 1915, U-20 ya Walther Schwieger idalasa Lusitania, sitima yaikulu yonyamula anthu, kufupi ndi gombe la Ireland. Idamira m'mphindi 18 zokha. Anthu pafupifupi 1,200 adafa, ndipo 128 mwa iwo adali nzika za America. Mkwiyo wa America udachititsa Ajeremani kubwerera m'mbuyo kwa kanthawi. Koma nkhondo ya pamtunda itakana kutha, pa 1 Febuluwale 1917 adayambiranso kumiza chilichonse popanda chenjezo, akuwerengera kuti Britain igwada pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Mu Epulo 1917 mokha adamiza sitima zokwana matani oposa 800,000. Mwezi womwewo, pa 6, America idalowa nkhondo.

Chimene chidapulumutsa Britain sichidali chida chatsopano. Akale adati kuyenda awiri si mantha. Kuyambira mu Meyi 1917, sitima zamalonda zidayamba kuyenda mu mdipiti, makumi angapo pamodzi, zikuperekezedwa ndi sitima zankhondo. Akuluakulu ena adakana nzeru imeneyi poyamba, poganiza kuti kusonkhanitsa sitima n'kupatsa mdani chakudya m'mbale imodzi. Zoona zake zidali zosiyana. Nyanja ndi yaikulu moti mdipiti wa sitima 30 suoneka msanga kuposa sitima imodzi, ndipo sitima zikasonkhana, nyanja yonse yotsala imakhala yopanda kanthu. U-boat inkatha masiku osaona chilichonse, ndipo ikaona mdipiti, inkapeza alonda ali tcheru.

Dönitz ndi mimbulu yake

Mmodzi mwa makaputeni amene adalawa mphamvu ya mdipiti adali Karl Dönitz. Mu Okutobala 1918 sitima yake idawonongeka pamene ankalimbana ndi mdipiti pa nyanja ya Mediterranean, ndipo iye adagwidwa ukaidi. Phunziro limene adatolapo lidali lakuti gulu limagonjetsedwa ndi gulu. Nkhondo yachiwiri poyamba mu Sepitembala 1939, iye ndiye adali mkulu wa ma U-boat onse, ngakhale adali nawo 57 okha.

Tsiku lenilenilo limene Britain idalengeza nkhondo, pa 3 Sepitembala, U-30 idamiza Athenia, sitima ya anthu wamba, ndipo anthu oposa 100 adafa. Pa 14 Okutobala, Günther Prien adazembera ndi U-47 kulowa mu doko lotetezedwa la Scapa Flow ku Scotland n'kumiza sitima yankhondo ya Royal Oak pamodzi ndi amuna oposa 830. France itagwa mu Juni 1940, Ajeremani adapeza madoko a Lorient, Brest, Saint-Nazaire ndi La Rochelle, oyang'ana molunjika ku nyanja ya Atlantic. Apa ndi pamene njira ya Dönitz, imene idatchedwa gulu la mimbulu, idayamba kugwira ntchito. Ma U-boat ankandanda pa mzere wautali. Mmodzi akaona mdipiti sankauputa, ankangoutsata n'kudziwitsa likulu pa wayilesi. Anzake akafika, onse ankaukira usiku, ali pamwamba pa madzi, pomwe makina a Angerezi omvera za pansi pa madzi sankatha kuwapeza.

Koma wayilesi yomweyo ndiyo idali chilema chawo. Mauthenga ankawabisa ndi makina otchedwa Enigma, ndipo ku Bletchley Park akatswiri a masamu a Angerezi, mmodzi mwa iwo Alan Turing, ankagwira ntchito usana ndi usiku kuti awamasulire. Mu 1941 adakwanitsa, koma mu Febuluwale 1942 Ajeremani adasintha makinawo ndipo Angerezi adakhalanso mu mdima kwa miyezi khumi. Pa 30 Okutobala 1942, sitima yankhondo ya Petard pamodzi ndi zinzake zidakakamiza U-559 kutulukira pamwamba kum'mawa kwa Mediterranean. Ajeremani atathawamo, amuna awiri a mu Petard, Tony Fasson ndi Colin Grazier, adasambira n'kulowa m'sitima imene inkamirayo. Ankatulutsa mabuku a zinsinsi n'kumapatsira mnyamata wa zaka 16, Tommy Brown. Sitimayo idamira mwadzidzidzi awiriwo ali m'kati. Mabukuwo adafika ku Bletchley Park, ndipo mu Disembala mauthenga a ma U-boat adayambanso kuwerengeka.

Kuwerenga mauthenga kokha sikukadakwana. Padafunikanso makina a radar oona mu mdima, ndege zotha kufika pakati penipeni pa Atlantic, sitima zonyamula ndege zoperekeza midipiti, ndiponso mafakitale a ku America amene ankapanga sitima mofulumira kuposa momwe zinkamizidwira. Zonsezi zidakumana mu Meyi 1943. Mwezi umenewo Germany idataya ma U-boat oposa 40, ndipo mu imodzi mwa sitimazo mudafera mwana wa Dönitz, Peter. Pa 24 Meyi, Dönitz adachotsa sitima zake kumpoto kwa Atlantic.

Nkhondo ifika kwathu

Mabuku ambiri amathera pamenepa, ngati kuti nkhondoyi idachitikira m'madzi a pakati pa America ndi Britain pokha. Koma Italy italowa nkhondo mu 1940, njira ya Mediterranean idatsekeka, ndipo sitima zopita ku Egypt ndi India zidayamba kuzungulira Africa yense: kuima ku Freetown, kudutsa Cape Town ndi Durban, n'kukwera pakati pa Mozambique ndi Madagascar. M'madzi omwewa ndimo munkadutsa fodya ndi tiyi wa ku Nyasaland wochokera pa doko la Beira.

Britain inkaopa kuti Japan ilanda Madagascar, chilumba chimene chinkalamulidwa ndi Afalansa ogwirizana ndi Germany, n'kuchisandutsa khola la sitima za pansi pa madzi. N'chifukwa chake pa 5 Meyi 1942 asilikali a Britain adatsikira ku Diego Suarez. Mantha aja sadali achabe. Pa 30 Meyi, tisitima ting'onoting'ono ta Ajapani tidalowa m'dokolo, kulasa sitima yaikulu yankhondo ya Ramillies n'kumiza ya mafuta yotchedwa British Loyalty. Mu Juni ndi Julayi, sitima za Ajapani zidamiza sitima zamalonda zoposa 20 m'madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Kuti chilumba chonse chigwidwe, mu Sepitembala adatumizako asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo a ku Nyasaland, amene adatsikira ku Majunga n'kuyenda mpaka ku Tananarive ndi kupitirira kumwera. Afalansa adagonja mu Novembala. Agogo athu amene adamenya nkhondo ku Madagascar adatumidwa kumeneko chifukwa cha sitima za pansi pa madzi.

Mu Okutobala 1942 ma U-boat nawo adafika ku Cape Town, ndipo kenako adakwera mpaka ku Durban ndi Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. Chaka chimenecho padachitika zinthu ziwiri zimene zikuonetsa bwino mtima wa nkhondoyi. Pa 12 Sepitembala, kumadzulo kwa Africa, U-156 idamiza sitima ya Angerezi yotchedwa Laconia. Kaputeni Werner Hartenstein atamva mawu a Chitaliyana m'madzi, adazindikira kuti wamiza akaidi pafupifupi 1,800 a dziko logwirizana ndi lake. Adayamba kuvuula anthu, Ataliyana ndi Angerezi omwe, adalengeza pa wayilesi pomwe ali, n'kuyala nsalu ya mtanda wofiira pa sitima yake. Patatha masiku anayi, ndege ya America idamuponyera mabomba akukoka maboti odzaza ndi anthu. Dönitz adayankha ndi lamulo loletsa makaputeni ake kupulumutsanso aliyense.

Pa 28 Novembala, U-177 idalasa Nova Scotia kufupi ndi gombe la Natal. Sitimayi inkachokera ku Massawa kupita ku Durban ndi anthu 1,052, ambiri a iwo Ataliyana ogwidwa ku Eritrea, pamodzi ndi asilikali a ku South Africa owalondera. Kaputeni Robert Gysae, atadziwa amene wawamiza, adatola anthu awiri okha, n'kudziwitsa likulu lake, n'kuchoka. Sitima ya Apwitikizi, Afonso de Albuquerque, idanyamuka ku Lourenço Marques n'kufika tsiku lotsatira, ndipo idavuula anthu osakwana 200. Anthu 858 adafa, ena ndi moto, ena pomira, ena ndi nsomba zolusa za shaki. Mitembo idakokolokera ku magombe a Natal, ndipo ina idaikidwa ku manda a ku Hillary mu Durban.

Tsoka la Khedive Ismail

Kuyambira mu 1943, asilikali a kum'mawa ndi pakati pa Africa, a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia ali momwemo, ankawoloka nyanja ya India kupita ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, kukonzekera nkhondo ya ku Burma. Ambiri a iwo adali asanaonepo nyanja yamchere.

Pa 5 Febuluwale 1944, mdipiti wa sitima zisanu zonyamula asilikali udanyamuka ku Mombasa. Imodzi idali Khedive Ismail, ndipo mudali anthu 1,511. Mwa iwo, 996 adali a gulu la mizinga la 301st Field Regiment, East African Artillery. Mudalinso amalinyero, anamwino oposa 50 ndi amayi ena ogwira ntchito zankhondo. Masana a pa 12 Febuluwale, kufupi ndi zilumba za Maldives, sitima ya Ajapani ya I-27 idaponya ma torpedo, ndipo awiri adalasa. Khedive Ismail idamira pasanathe mphindi zitatu. Ambiri amene adali m'zipinda za pansi sadapeze n'komwe mpata wofika pa makwerero.

Sitima ziwiri zoperekeza zidathamangira pamalopo. Imodzi idali Paladin, inayo idali Petard, yomwe ija ya mabuku a zinsinsi. I-27 idakabisala kunsi kwa anthu amene ankayandama. Lamulo lidali lakuti kuwononga mdani kuyambe, kuvuula anthu kubwere pambuyo, chifukwa sitima zinayi zotsalazo zidali zodzaza ndi asilikali. Petard idaponya mabomba ake m'madzi momwe mudali anthu amoyo. I-27 idakakamizika kutulukira pamwamba, ndipo nkhondo idapitirira kwa maola oposa awiri. Paladin idang'ambika m'mbali poyesa kuigunda. Pomaliza, torpedo yachisanu ndi chiwiri ya Petard ndiyo idaimiza.

Opulumuka a mu Khedive Ismail adali amuna 208 ndi amayi 6. Omwalira adali 1,297, ndipo 77 mwa iwo adali amayi. Gawo lalikulu la gulu la mizinga lija lidatha tsiku limodzi, lisanaombe n'kamodzi komwe ku Burma. Mayina a ambiri a iwo adalembedwa pa chipilala cha East Africa Memorial ku Nairobi, chifukwa alibe manda.

Palibe amene adasamba m'manja

N'kosavuta kuiona nkhaniyi ngati mlandu wa Germany ndi Japan okha, koma chidachi chidagwiritsidwa ntchito ndi mbali zonse. Ku Pacific, sitima za pansi pa madzi za America zidamiza gawo lalikulu la sitima zamalonda za Japan, mpaka dzikolo lidasowa mafuta ndi chakudya, ndipo zina mwa zimene zidamizidwa zidanyamula akaidi a mayiko ogwirizana ndi America yemweyo. Pa 30 Januwale 1945, sitima ya Soviet Union ya S-13 idamiza Wilhelm Gustloff pa nyanja ya Baltic, ndipo anthu pafupifupi 9,000 adafa, ambiri a iwo amayi ndi ana othawa nkhondo. Palibe sitima ina m'mbiri imene idamira ndi anthu ochuluka chonchi.

Osaka nawonso adathera momwemo. Mwa amuna pafupifupi 40,000 amene adayenda mu ma U-boat pa nkhondo yachiwiri, oposa 28,000 sadabwerere kwawo. Mbali inayi, amalinyero oposa 30,000 a sitima zamalonda za Britain adafa, ndipo pakati pawo padali Amwenye, Atchaina, Aluya ndi anthu a ku Africa amene ankagwira ntchito zotentha za ku injini, komwe kuthawa kudali kovuta koposa.

Nkhondo itatha, Dönitz adaimbidwa mlandu ku Nuremberg. Loya wake adabweretsa umboni wolembedwa wa Chester Nimitz, mkulu wa sitima za America ku Pacific, wovomera kuti nazonso zinkamiza popanda chenjezo kuyambira tsiku loyamba la nkhondo yawo ndi Japan. Khoti lidapeza kuti Dönitz adaphwanya malamulo a nkhondo ya pamadzi, koma lidati chilango chake sichiwerengera zimenezo. Adamangidwa zaka 10 pa milandu ina. Opambana adalephera kulanga mchitidwe umene iwo eni adauchita, ndipo ichi ndicho chigamulo chenicheni cha nkhondo ya pansi pa madzi: dziko lililonse limene lidagwira chidachi lidafika potaya lamulo loteteza munthu wopanda chida.

Chaka chilichonse mu Novembala, atsogoleri amayala nkhata pa zipilala za chikumbutso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Timakumbukira Karonga, Abyssinia ndi Burma, ndipo n'koyenera kutero. Koma amene adakafika ku Madagascar ndi ku Burma adayamba awoloka nyanja imene pansi pake padali posaka, ndipo anzawo ambiri a ku Africa kuno adatsalira panjira. Aphunzitsi a mbiri aiike nkhaniyi m'kalasi. Ndipo inu amene agogo anu adavala yunifolomu ya King's African Rifles, funsani akuluakulu a kwanu akadali moyo kuti adakwerera pa doko liti, adapita kuti, adabwerako kapena ayi, ndipo zimene akuuzeni muzilembe.